Siteji Yachinayi ya Wietske

Lolemba, 6 Marichi

Ndi khansa. Bere lamanzere, chotupa cha masentimita atatu. Dokotala wa kuchipatala wati masiteji alipo anayi, ine ndili pa yachiwiri "pakadali pano". Mawu awiri amenewo sindinawakonde. Mwamuna wanga Sjoerd anali kalikiliki kulemba m'kabuku ngati ali pamsonkhano wa alimi a ng'ombe. M'galimoto akuti, "Wietske, ziwiri pa zinayi si zoipa ayi." Ngati zigoli za mpira.

Okutobala ndinapita nacho chotupachi kwa dokotala wa banja lathu, a Wiersma. Anangopapasa pang'ono n'kunena kuti zimachitika mkazi akamasiya kusamba. Ndinawathokoza. Ine chitsiru, kuthokoza.

Lachinayi, 9 Marichi

Andilasa singano m'khwapa. Masana ndagulitsa buledi ndi mkono umodzi.

Lachiwiri, 14 Marichi

Yafika m'khwapa, muja mumatuluka mwanabere, malo asanu. Siteji yachitatu tsopano. Ndafunsa ngati yakula chonchi sabata imodzi yokha. Ati ayi, inalimo kale, iwowo ndi amene akuiona pang'onopang'ono. Ndiye kuti ndimakwera njinga, kuseka, kukangana ndi Sjoerd za makatani, iyo ili pantchito.

Mkulu wanga Aukje wabwera ndi supu wa nsawawa ndi nkhani ya mnzake wa kukwaya amene anachira chifukwa cholimba mtima. Kodi amene anafa aja anali aulesi? Sindinamufunse. Supu anali ndi mchere wambiri.

Lachisanu, 17 Marichi

Sikani ya thupi lonse. Nesi wafunsa ngati pena pakundiwawa. Msana, chiyambire Khirisimasi. Ndimati ndi mathireyi a buledi. Walemba osandiyang'ana.

Lachitatu, 22 Marichi

Yachinayi. Mafupa awiri a msana, ndi chiwindi.

Bere lija amati achotsa sachotsanso, ati palibe phindu. Sabata yonse ndakhala ndikulilira m'bafa, kulitsanzika, lero akuti khalani nalo. Mankhwala alipo oichedwetsa, osati oichiza. Mwina zaka, mwina ayi. Sjoerd anafunsa chimene chimabwera ikatha siteji yachinayi. Dokotala anangoyang'ana pa tebulo.

Lachinayi, 23 Marichi

Mvula. Sindinadzuke.

Lolemba, 27 Marichi

Ndapita kwa a Wiersma ndekha, wapansi, njinga msana ukukana. Njira yonse ndimayeserera mawu oti ndikawalase nawo. Ndinapeza kalata ya kuchipatala ili kale patsogolo pawo. Akalamba ndithu. Anati anayenera kunditumiza ku sikani tsiku lomwe lija, ndipo sapeza chowiringula. Ndimafuna akane kuti ndikalipe bwino. Andilanda ngakhale zimenezo.

Kenako anati ndili ndi ufulu wosintha dokotala, chifukwa nthawi ikadzafika yogonera kunyumba, wa banja ndi amene amabwera ndi mankhwala a ululu, mpaka pothera.

Ndinayang'ana kauntala kunja, mtsikana wolandira odwala akuyankha foni. Kukayambanso kufotokoza zonsezi kwa mlendo? Ayi.

"Simuthawa, adokotala," ndinatero. "Munaphonya poyambira. Pothera pokha musaphonye."

Anatenga kapepala n'kulemba nambala ya foni ya kunyumba kwawo. Ndaimata pa firiji.