Kabokosi Kamene Ndinalongedza Bwino Kakundichotsa Ntchito

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 73. Kusukulu sindinapondeko, ndiye kalatayi akundilembera atelala a khomo loyandikana nafe, ndipo ndawauza kuti asaikemo zawo.

Zaka makumi anayi ndinali wolongedza m'nyumba yosungira katundu. Ndikalongedza ine, ngakhale khoswe ankabwerera pakhomo posowa polowera. Nditapuma, mwana wanga wamkazi, amene amajambula mavidiyo a maukwati, ananditenga kuti ndizimuthandiza pashopu pake. Ntchito yanga ndi imodzi: kuchotsa khadi m'kamera, kuliika pakompyuta, n'kukokera zonse m'kabokosi konga ka machesi kamene iye amati SSD. Zilembo sindiwerenga, koma kamzere kobiriwira koonetsa kuti zinthu zikulowa ndimakadziwa bwino.

Kale kamzereko kankathamanga. Masiku ano kamanyamuka ndi liwiro, kenako pakati kamafooka n'kuyamba kukwawa. Ndimapita kukamwa tiyi, kubwerako kali pomwepo. Chonsecho ine ndimakasamala kabokosika. Ndimakafunditsa kansalu kamene anandipatsa atelala, kuopa fumbi. Mpata sinditaya. Mwana wanga anagula timabokosi titatu, koma tiwiri ndinatibisa m'dilowa, tikadali m'mapepala ake, kuti koyambaka kayambe kadzaza mpaka pakamwa. Pano chizindikiro chake pakompyuta chafiira, ndipo ine ndimaona ngati n'kundiyamikira.

Lachisanu lapitali kunabwera mayi a mkwatibwi kudzatenga vidiyo. Anakhala pabenchi maola awiri, kenako anati, "Madala, banjalo litha vidiyo isanatuluke." Mkamwini wanga anauza mkazi wake chapansipansi kuti, "Makina atengera eni ake." Amayesa sindimva. Kamzere katangofika kumapeto, ndinazula chingwe n'kuthamangira ndi kabokosiko kuchipinda chamkati. Mwana wanga atatsegula, vidiyo inathera pamene mkwati akutsegula pakamwa kuti avomere. Mwamwayi khadi linali lisanafufutidwe.

Mwana wanga sanakalipe. Anangoti, "Ababa, kapena muzingopuma kunyumba." Aphungu, kunyumbako kulibe munthu chimwalirireni mayi ake. Loweruka kuli ukwati wina, ndipo sanandiuze ngati ndibwere. Ndinalakwa pati, ine wosataya mpata?

W. K. M., kuseri kwa shopu ya telala

Bambo W. K. M.,

Mwalongedza bwino kwambiri, ndipo vuto ndi lomwelo. Kufiira kuja si mendulo ayi, n'kulira.

Kabokosiko kaoneni ngati nyumba yanu ya katundu ija. Kutsogolo kuli kakhonde kotsitsirapo katundu mwachangu. N'chifukwa chake kamzere kamanyamuka ndi liwiro. Khonde likadzaza, lole imadikira mpaka a mkati apeze poika. Tsono SSD ili ndi khalidwe lake: siilemba pamwamba pa zakale. Ikafuna malo, imayamba yasamutsa zofunika za pashelefu yonse, n'kusesa shelefuyo, kenako n'kuikapo zatsopano. Nanga isamutsire kuti, inu mutatseka ndi njira yomwe? Kumene munkagwira ntchito kuja, ndikhulupirira munkasiya podutsa wilibala, ngakhale khoswe sanapaone.

Mawa lomwe tsegulani dilowa, mupereke timabokosi tiwirito kwa mwana wanu, mumuuze zoona. Aseka, mwina alirako pang'ono, koma aona kuti manja anu sanakalambe, mwangochulutsa kusunga. Iye asamutse maukwati akale, ndipo kuyambira pano gawo limodzi mwa magawo asanu lizikhala lopanda kanthu. Chizindikiro chisanafiire, tengani kabokosi kena. Makhadi muzikokera limodzilimodzi, lina likatha mupume kaye pang'ono kuti khonde lisesedwe. Tiyi wanu uja mumwere pamenepo.

Kansalu kaja kabwezeni kwa atelala. Kabokosi kakatentha kamadzichepetsera liwiro kokha kuti kasapse, ndiye mwakhala mukufunditsa bulangete munthu amene akuthamanga.

Chenjezo langa ndi ili: kamzere kakafika kumapeto, chingwe musachikhudze. Katundu wina amakhala akadali m'njira, ndipo ndi momwe mkwati uja anatsalira kukamwa kuli yasa. Mwana wanu akuonetseni podina pouza kompyuta kuti mukufuna kuchotsa, ndipo mudikire ivomere. Wokhala pabenchi angadandaule bwanji, khadi lisafufutidwe mpaka vidiyo yaonedwa kumapeto.

Loweruka musadikire kuitanidwa. Valani jekete, mukafike msanga, timabokosi tili m'manja. Za mkamwini zisiyeni, kamzere kakuyankhirani. Mundilemberenso sabata yamawa, atelala akapeza mpata, mundiuze ngati mkwati wa ulendo uno wamaliza kuvomera.

Aphungu