Tsiku limene anandikhutitsa ku msika

Seoul

Okondedwa achemwali anga a Sun-rye,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Gurye. Nanga bondo lija likuti bwanji? Ine thupi lili bwino, koma mtima ayi. Mundikhululukire zolemba zokhotakhotazi, mukudziwa kuti sukulu ndinaisiyira panjira.

Kuno kwayamba kuzizira m'mawa, ndipo chifuwa chija chimabwera n'kupita. Koma si chimene ndakulemberani.

Loweruka lapitali Jae-gwon, mwana wanga amene inu munamubereka kumsana, anandidzutsa n'kunena kuti tipite ku msika wakale, ndikadye chilichonse chimene mtima ukufuna. Ndinadabwa, chifukwa chifikireni m'nyumba mwake sanayendepo nane ngakhale kokagula mchere. Mpongozi anati iye atsala kuti achape. Ndinavala jekete langa labwino lija.

Tinazungulira msika wonse, kwa ansomba zouma, kwa atsabola, mpaka kwa ogulitsa nsalu. Tinadya zitumbuwa za nyemba zopera pamwala, mafuta akuchucha m'zala. Anandigulira hotteok, chitumbuwa chotentha chija, shuga wam'kati n'kundiwotcha lilime, iye n'kumaseka ngati kale ali mwana.

Kenaka tinakhala pa benchi ya Mayi Pyo, wogulitsa soseji wa magazi ndi makeke a nsomba obaya pa timitengo. Mayiyu ndi wa chigawo chathu chomwecho, ndipo masana ambiri ndinkathera pamenepo tikukamba za kumudzi. Atationa anakuwa, kunditchula ndi dzina la banja lathu, "Ee, lero a Yeom abwera ndi bwana! Khalani pansi madala, mano otsalawo agwire ntchito." Ndinamuyankha kuti soseji wake yemweyo ndi amene anandithera mano.

Jae-gwon anaitanitsa mowa woyera wa mpunga. Anandithirira ndi manja awiri. Nditamuthirira naye, anatembenuzira nkhope kumbali pomwa, monga amachitira mwana woleredwa bwino pamaso pa bambo ake. Achemwali, misozi inalengeza. Ndinauza Mayi Pyo kuti aone yekha, ana aulemu akadalipo mu Seoul muno. Ndikati tinyamuke, mayiyo ankandiwonjezera msuzi wotentha m'kapu, amvekere, "Msuzi salipira, mukuthamangira kuti? Mwabisa kamkazi kunyumba?" Ndiye ndinkakhalanso pansi, ndikuseka ngati chitsiru.

Kutembenuka kuja sikunali ulemu. Jae-gwon ankasuzumira foni imene anaiika pantchafu, kudikira uthenga wa mkazi wake. Titafika kunyumba ndinapeza chipinda changa chili pululu. Zovala zili m'makatoni, zofunda atazimanga ndi chingwe, chithunzi cha malemu mkazi wanga atachikulunga m'nyuzipepala ngati nsomba. Ndi pamene Jae-gwon anandiuza, maso ali pansi, kuti andipezera malo ku nyumba yosungira okalamba kunja kwa mzinda, ndipo ndipita chikondwerero cha zokolola cha Chuseok chikangotha. Akuti kuli anamwino ndi kadimba. Akuti chipindacho chikufunika kwa mwana wawo amene akukonzekera mayeso. Akuti anaopa kuti ndikanawaona akulongedza ndikanakuwa. Inde ndikanakuwa. Kodi munthu alibe ufulu wokuwa akamamusamutsa?

M'mawa mwake ndinabwerera ku msika ndekha. Ndinafunsa Mayi Pyo ngati ankadziwa. Anapitiriza kudula soseji osandiyang'ana, n'kunena kuti mnyamatayo anamupempha kuti andichedwetse, ndipo iye anaona kuti bola nkhani yotere indipeze nditakhuta. Anandikankhira mbale. Sindinaikhudze. Munthu wakwathu, wolankhula ngati inu ndi ine! Kuyambira tsikulo ndimalambalala msikawo, fungo lokha la mafuta limandinyansa. Ndikugona pakati pa makatoni, ndipo m'nyumba muno tikupatsana moni ngati anthu okumana m'basi.

Pempho langa ndi limodzi. Kachipinda kamene mumasungiramo tsabola wouma, simungandipatseko? Sindidya zambiri, ndipo khasu ndimaligwirabe. Mulankhule ndi alamu. Akavomera, mwana wanu Dong-pil abwere ndi galimoto yake Chuseok isanafike. Sadzavutika kumanga katundu, anandimangira kale.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Dong-pil ndi mkazi wake, ndi kwa msuweni wathu wa ku Hadong ngati makutu akumvabe.

Ngati malo palibe, achemwali, mungondiuza mosabisa. Musayambe mwandiphikira.

Ine mlongo wanu,
Man-bok