Kudikira Mawu a Alamu

9 de Março, 1985, Furancungo
Mwana wanga Justino wakodzanso magazi. Zaka zisanu, koma kubuula ngati nkhalamba. Aenfermero, anamwino a pachipatala chathu, amulowetsa kapaipi kuti mkodzo utuluke. Ati muli chotupa m'chikhodzodzo, pano alibe chochita, tipite ku Tete. Kusukulu ndaphunzitsa zosadziwika. Mantha.

21 de Março, Tete
Tafika ndi koluna, mdipiti wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali. Njira yonse magalimoto opsa. Kutentha kuno, mayo ine!
Adotolo ati ndi khansa. Achotse chikhodzodzo chonse pamodzi ndi kachiwalo kaumuna kali pansi pake. Azidzakodzera pabowo la pamimba, m'kathumba. Sadzabereka. Koma achite msanga, chisanafalikire.
Ine ndati chitani. Mkazi wanga Delfina wakana. "Mwana ali ndi mwini wake. Achimwene asanalole, mpeni ayi."

24 de Março
Mwini wake! Alamu Armindo, amene ali phee ndi mbatata zawo ku Ntengo-Wambalame. Kubereka ine, kumunyamula pamsana ine, kuchapa tikabudula tamagazi ine. Koma kwathu bambo ndi mlendo, mawu ndi a malume. Ndapsa mtima.
Tatuma woyendetsa lole wina wopita ku Tsangano, dera la kwawoko, akawauze.

15 de Abril
Zii. Akuti msewu auika mabomba. Tikugona pakhonde la chipatala, chakudya chovuta. Mimba ya mwana gwaa ngati dzungu. Adotolo akandiona amangopukusa mutu.

2 de Maio
Ndavomera ndekha. Alamu adzandizenge mlandu, ndidzalipira mbuzi. Delfina sakundilankhula. Nanenso ndilibe naye mawu.

6 de Maio
Amuchita opaleshoni. Wadzuka, ali moyo! Ndalira pamaso pa anthu, manyazi ndinalibe. Wayang'ana kathumba kake n'kundifunsa, "Ababa, ndidzakodza liti choimirira ngati anzanga?" Ndati posachedwa.
Madzulo adotolo andiitanira pambali. Chotupa chinali chitafika kale m'mafupa a m'chiuno. "Mukanabwera nacho patebulo mu Março." Sanamalize.

30 de Maio
Matumba atha m'chipatala. Tikumanga mapulasitiki a shuga. Khungu lanyeka kuzungulira bowo. Wayamba kudandaula msana, miyendo sakuiponda.

11 de Junho
Wa lole uja wabwera, wowonda ngati bango. Ku Ntengo-Wambalame anapeza mabwinja okhaokha. Zigawenga za Matsanga zinawotcha mudzi mu Fevereiro. Alamu anaphedwa tsiku lomwelo, pamunda.
Fevereiro. Tisanachoke n'komwe ku Furancungo. Tinkadikira chilolezo cha munthu wa m'manda.
Ndimafuna kumukalipira Delfina. Ndamupeza akupukuta mwana pamimba, misozi chuchuchu. Wakweza maso: "Bambo a Justino, nanga maliro a mwanayu tidzakauza yani?"
Mwanayo anali maso. Wamva. Wandiyang'ana ine, kudikira kuti nditsutse, ndipo ine ndalephera kumunamizanso.