Pikapu Yanu Ikuzima pa Mahampu

Kawale 2,
Lilongwe.

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi Amayi. Nanga miyendo ija ikutani ndi kuzizira kwa ku Ntchisiko? Ife kuno tilipo. Mdzukulu wanu Thandie anadwalako chifuwa, koma wachira ndipo wabwerera kusukulu. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni timangokuwa, inu osamva kanthu, ine n'kutsala ndi misozi. Apa muwerenga nokha, popanda wina wokufuulirani m'khutu.

Kawale wasintha, Bambo. Mtengo wa mango uja munkakonzerapo magalimoto Loweruka anaudula, ndipo pamangidwa timashopu ta mafoni. Ndikadutsapo ndimamvabe fungo la girisi ndi sopo uja munkasambira m'manja. Mwina ndi mphuno zanga zokha.

Nkhani yaikulu ndi pikapu yanu ija munandisiyira. Yayamba kuzima. M'mawa imalira bwinobwino, ndipo pamsewu wa ku Mitundu, pokatenga kabichi, imathamanga ngati kale. Koma ndikangochotsa phazi pa moto kuti ndichepetse liwiro pa hampu kapena pa mphambano, injini imayamba kunjenjemera, kenako zii. Sabata yatha inandizimira pa mphambano ya ku Biwi, minibasi zitandanda kumbuyo kwanga. Kondakitala wina anandiuza kuti ndikagule makina osokera, zoyendetsazi ndisiyire amuna. Ndinamuyankha, koma mawu ake sindilemba muno chifukwa mwina Amayi awerenganso.

Ndinatsata ndondomeko yanu ija, yoti munthu ayambe ndi zapafupi: moto, mafuta, kenako mpweya. Mapulagi ndinasintha. Sefa ya petulo ndinaika yatsopano, ya mpweya ndinaikutumula. Kabuleta ndinaitsuka mpaka kabowo kakang'ono kaja munkati kakatsekeka injini siingalire yokha popanda kuiponda. Sizinathandize. Ndinapotozako kasikuluwu kokweza kaliridwe, koma inangoyamba kumwa petulo ngati chidakwa, n'kumazimabe ndikaponda mabuleki.

Ndiye ndinakumbukira kapaipi kanu kaja. Munkaika mbali imodzi kukhutu, inayo n'kumaiyendetsa pa injini ngati adokotala pachifuwa cha mwana. Ine ndinkaima pa ndowa yovundikira kuti ndifikire, ndipo nthawi zina munkandibwereka kuti ndimveko. Amayi ankadandaula kuti mukundiwonongera madiresi. Ndinadula kapaipi kothirira maluwa n'kuchita chimodzimodzi. Kuseri kwa kabuleta ndinamva kakulira kuti tsiii, ndipo bambo a Thandie ataponda mabuleki kanakulirako. Apo ndinadziwa kuti injini ikumwa mpweya wodzera pena pake pong'ambika. Ikamathamanga siizindikira, koma ikatsika mpweyawo umachulukira mafuta, n'kuzima. Ndinasangalala, Bambo, ndipo nthawi yomweyo ndinakusowani kwambiri.

Ndinapita nayo ku Biwi kwa a Sharif, aja munawaphunzitsa ntchito. Tsopano ali ndi galaja yawoyawo, imvi zili mbuu. Atatsegula boneti anaseka mpaka kugwira m'mimba, kenako anayamba kukanda mutu. Akuti kabuleta imeneyi si ya galimotoyi, munachita kuichotsa pa ina chaka chija zipangizo zinkasowa. Timapaipi tonse munatiyendetsa mwanzeru zanu, tina munatitseka ndi misomali, tina ndi sipoko ya njinga, n'kumanga ndi mphira ya chubu. Mphirayo tsopano yafumbwa paliponse, moti pamene pakudontha mpweya penipeni sipakudziwika. Iwo akuopa kuti akazula kapaipi kolakwika, mabuleki angadzaume ine ndili pamtsetse ndi katundu. Akuti mutu umene unaluka zimenezi ndi womwewo ungazimasule.

Vuto ndi lakuti bambo a Thandie atopa nayo pikapuyi. Sindikuwadzudzula. Lamulungu lapitali anaikankha atavala suti ya kutchalitchi, anzawo a kwaya akuonerera. Alankhula kale ndi anthu ogula zitsulo zakutha, ndipo agwirizana kuti adzaitenge mwezi uno ukatha. Iwo akuona chitsulo chokalamba basi, ndipo mwina akunena zoona.

Koma ine ndikaiyang'ana ndimaona ulendo wa Khirisimasi, ine ndi achimwene a Gilford titakhala pa matumba a feteleza kumbuyo, fumbi lili tho m'tsitsi, tikuimba mpaka kumudzi. Ndi yomweyi inathamangira kuchipatala cha ku Likuni ndi Amayi tsiku lobadwa Pemphani, inu mutaiwala nsapato. Mpando wa dalaivala unalowa mbali imene munkatsamira, ndipo mpaka lero ndimakhala mopendekeka ngati inu. Kuganiza kuti aiphwanye ndi nyundo n'kuiyeza pa sikelo kukundiwawa mumtima.

Pempho langa ndi limodzi. Bwerani, Bambo, mwezi usanathe. Ndikudziwa kuti chitsekekereni makutu simufuna za m'tauni, mumati anthu amakuyankhulani ngati mwana, ndiponso makaniko wosamva injini ndi wongotha nsima. Koma pano sipakufunika makutu anu. Pakufunika mutu umene ukukumbukira kuti msomali uti unatseka chiyani, ndi manja aja. Zomvetserazo ndichita ndine, ndipo ndizikulemberani papepala chilichonse chimene ndamva. A Sharif ati atipatsa malo pagalaja pawo, ndipo alonjeza kuti sakhudza kanthu mpaka inu mutaloza. Achimwene akakukwezeni basi pa boma, ine ndikakuchingamirani ku depoti.

Mundiperekere moni kwa Amayi, muwauze kuti chitenje chawo ndawagulira. Moni kwa achimwene ndi alamu anga, kwa Pemphani, kwa azakhali a kuseri kwa dambo, ndi kwa ana onse. Thandie akuti agogo abwere ndi mtedza.

Musachedwe chonde. Dzulo, bambo a Thandie ali kuntchito, ndinamasula matayala awiri akutsogolo n'kukasungitsa kwa mnzanga Pauline ku Kaliyeka. Pikapu yakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba, ndipo ndawauza kuti matayalawo abwerera tsiku limene inu mudzalowe pageti.

Ndine mwana wanu,
Mirriam