Ndinawatseka Maso Atate M'masiku a Kapu

Anahola, Kauai
14 Okutobala 2019

Okondedwa achemwali anga Momilani,

Ndikhulupirira muli bwino ku Las Vegas kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi bondo lija lasiya kutupa? Kuno tilipo, mvula ndiyo yachuluka.

Papita miyezi isanu osalankhulana. Pa foni paja munandifunsa ngati gule wa hula ndiye anandibereka, popeza sindinabwere kumaliro a atate pa 18 Meyi. Lero ndiyankhe.

Mukudziwa kuti ndaphunzira hula kwa aphunzitsi athu, a Kumu Keonaona, zaka khumi ndi zinayi. Pa 2 Meyi tinalowa kapu, masiku makumi atatu akusala tisanafike pa uniki, mwambo wotivomereza kukhala aphunzitsi. Anatiletsa kumeta, kudya nzimbe, ndipo koposa zonse kuyandikira mtembo.

Lachinayi pa 9 Meyi, 6:20 m'mawa, ndinawapititsira atate phala la poi. Ndinawapeza pampando wa pakhonde, atazizira kale, maso ali chipenyere. Achemwali, sindinaganize. Ndinawatseka maso, n'kuwapukuta kukamwa ndi mpango wanga. Kenaka mantha anandigwira. Ndinatenga poi wanga n'kubwerera. Mlongo wathu Palani anawapeza 7:45.

Ndikanawauza a Kumu, akanandiwaza madzi a m'nyanja, n'kundiuza kuti ndidikire uniki wina. Koma anali atanena kale kuti uwu ndi womaliza, zaka 83 si masewera. Choncho ndinabisa zoti ndagwira mtembo.

Pa 1 Juni tinavina anthu asanu ndi mmodzi. Nkhumba ya mwambo tinaidya yonse, ndi ubongo womwe, osasiya kanthu. Pondiveka nkhata ya masamba a maile, a Kumu anauza anthu kuti mwana uyu wasunga kapu mpaka kusiya maliro a bambo ake, ena atengerepo phunziro. Anthu analira. Ine nkhatayo ndinailandira.

Pa 28 Seputembala ndinalimba mtima kukaulula kwa a Kumu. Ndinapeza atadwala sitiroko masiku asanu ndi atatu m'mbuyomo. Ndinagwada, ndinanena zonse. Anandiyang'ana n'kuseka, amvekere kodi namwino uyu akulira chiyani, mwamuna wamuthawa? Kenaka anapempha madzi.

Amene anandimanga kapu ndi iwo, ndipo womasula ndi iwo okha. Tsopano makolo ena andipatsa ana khumi ndi mmodzi kuti ndiyambe kuwaphunzitsa pa 2 Novembala. Koma ndingaphunzitse bwanji nditaswa kapu? Ndawalembera kale kalata yokana, yangotsala kuitumiza. Chifukwa chake sindinalembemo.

Sindikupempha kuti mubwere. Mungondiimbira, ngakhale kuti mundikalipire.

Chinthu chimodzi chokha: Palani musamuuze. Amauza aliyense kuti atate anapita ali m'tulo, mwamtendere, chifukwa anawapeza maso ali otseka. Musiyeni akhale nazo zimenezo.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndi kwa ana, Kekai ndi Noelle. Mulungu akusungeni m'dziko louma limenelo.

Ndine mng'ono wanu,
Pualei