Anandilira Ndili Moyo

Amayi, kodi kumeneko kwacha bwanji?

Musanayankhe, khalani bwino pamphasa ndipo mukonze duku, chifukwa amene akukulemberani lero si Filimoni uja munkamupirikitsa ndi chikuni akaba nzimbe za eni. Uyu ndi munthu wamkulu. Mu Kanyama monse, komboni yathu ino ya mu Lusaka, ndine ndekha amene ndinafa m'mawa, kuliridwa masana, madzulo n'kupempha tiyi. Ana akandiona panjira amavula zipewa, amene alibe chipewa amathawa. Kutchalitchi andipatsa dzina latsopano, akuti Lazaro, ndipo ndalilandira, ngakhale uja wa m'Baibulo anafika ponunkha pamene ine ndinabwerako ndikununkhira sopo wa kuchipatala.

Koma ndiyambe ndi za pakhomo, paja munkadana ndi munthu woyambira nkhani pakati. Mpongozi wanu, amake Dalitso, ali bwino. Thupi lakalamba, pakamwa pokha m'pamene pakadali pa utsikana. Dalitso, uja munamusiya akuthawa kusamba, tsopano ndi bambo wa ndevu. Anakwatira mtsikana wa ku Chipata, dzina lake Mevisi, waulemu ndi wamanyazi mwakuti ngakhale nkhuku amaipatukira njira. Ali ndi khanda lachikazi, ndipo talitcha dzina lanu, Velonika. Likamayamwa limakwinya pamphumi ngati mmene munkachitira poyang'ana nsomba pamsika. Mtengo wa mapeyala umene munabzala kuseri kwa nyumba ukubereka, ndipo ana a anthu akutithandiza kudya osawapempha. Mano anga ambiri anatsogola kumeneko. Mukawaona muwasunge.

Za Tisauke, mlongo wanga, mwina mumazidziwa kale. Chiikireni inu kumanda a ku Chingwere sanapondenso pakhomo panga. Iye ankafuna tikutengereni kwathu ku Katete, mukagone pafupi ndi agogo monga munkanenera. Koma inali nthawi ya mvula, mlatho wa kumudzi utakokoloka, ndipo akuluakulu anati mugone konkuno. Ine ndinavomera. Tisauke anandiuza pamanda pomwepo kuti, "Mwawataya amayi pakati pa alendo." Kuyambira pamenepo, zii. Ku Matero kumene amakhala si kutali, minibasi ziwiri wafika, koma zaka zinadutsa, tonse imvi mbuu, tikumakumana pamaliro a anthu ena n'kumayang'ana nsapato. Ndinayesa kumutumizira nthabwala kudzera mwa ana, zinabwerera zosatsegula.

Tsopano imvani mmene ndinafera.

Mvula ya chaka chino inatichezera mpaka kuchipinda. Paja Kanyama mumamudziwa, madzi akabwera sagogoda. Kutacha tinatulutsa mipando, tebulo, kabati ndi matiresi kuti ziume panja, ine n'kuyamba kukapa madzi ndi ndowa. Ndili mkati mokapa, ndinamva ngati munthu wandisenzetsa thumba la simenti pachifuwa. Ndinati ndiitane amake Dalitso, mawu osatuluka. Kenako khuu, m'matope. Amake Dalitso anakuwa mfuu imene inamveka mpaka kumsika. Poti galimoto sizilowa kwathu nthawi ya madzi, anandikweza pa wilibala ngati thumba la makala mpaka pamsewu wa tala. Mevisi n'kuti atapita kukapereka khanda kusikelo, sanaone kanthu.

Za panjira sindikuzidziwa. Chimene ndikukumbuka n'chakuti ndinapezeka ndili m'mwamba, pafupi ndi denga la kuchipatala, ndikuyang'ana pansi. Pabedi panali nkhalamba ina, anamwino akuidinikiza pachifuwa. Ndinaimvera chisoni, ndinati dazi lonseli n'la munthu mmodzi? Kuyang'anitsitsa, ndinaona malaya anga. Amayi, anthu onsewa akhala akundibisira kukula kwa dazi langa.

Kenako denga lija linachoka. Ndinaona ndili panjira youma, ya dothi lofiira, yopanda ndi dontho lomwe la matope. Pamenepo ndinadziwa kuti Kanyama ndatulukamo. Kunali kowala ngati m'mawa mvula itangokata, koma dzuwa osaliona. Mawondo osapweteka. Chifuwa chopepuka. Mantha ndinalibe, ndipo sindikudziwa kuti ndinganene bwanji kuti mumve, koma ndinamva ngati mwana amene wanyamulidwa ali m'tulo. Njira ija ndinaizindikira, inali yochokera kusukulu kwathu, yodutsa pamtengo wa mkuyu uja. Kumapeto kwake kunali khonde, ndipo pakhondepo munali inu, lichero pamiyendo, mukuswa mtedza, duku lanu lobiriwira lija lili kumutu.

Ndinathamanga, ine amene ndimakwera minibasi mochita kukankhidwa. Ndinafuna kunena kanthu koseketsa monga mwa masiku onse, koma kwa nthawi yoyamba chibadwire nthabwala inandithawa. Munakweza maso. Munandiyang'ana, nkhope yanu n'kuwala. Kenako munasuzumira kumbuyo kwanga.

Kuyang'ana kumeneko ndimakudziwa, Amayi. Ndi kuja munkachita ndikabwera kusukulu ndekha, nditamusiya Tisauke panjira akulira chifukwa ndathamangira mpira. Munkaima pakhomo, osandilola kulowa, n'kunena kuti, "Wabwera theka. Bwerera ukatenge theka linalo." Ngakhale njala indipweteke chotani, mbale munkaivundikira mpaka tifike awiri. Ndiye pakhonde paja munakweza dzanja n'kundibweza, monga mmene munkabwezera galu wokutsatirani kumadzi. Ndinatsegula maso ndili pabedi, chifuwa chikuwawa ngati ng'ombe yandipondapo, amake Dalitso akundilalatira kuti ndisadzayerekezenso.

Pamene ine ndinali paulendo umenewo, kunyumba kunali ntchito ina. Izi andifotokozera ndi anthu ambiri, aliyense akuloza mnzake. Paja mukudziwa kuti kuno pakhomo pakagwa maliro, choyamba ndi kutulutsa mipando ndi katundu panja kuti azimayi apeze pokhala m'nyumba. Tsono anthu anamva mfuu ija, anaona wilibala ikudutsa miyendo yanga ili lende, kenako anaona mipando yonse ili pabwalo, nyumba ili mbee. Anafunanso umboni wanji? Amayi ena achifundo anamanga chitenje, analowa, anakhala pansi ponyowa pomwepo n'kuyamba kulira. Anzawo anamva, anabwera. Mevisi pobwera kusikelo anapeza nyumba yadzaza. Mwana waulemu uja sakanafunsa akuluakulu kuti mukulira chiyani. Anati iwowa ndiye amva za kuchipatala, n'kudzigwetsa pansi. Azimayi aja poona mpongozi wa pakhomo akugubuduzika anati basi, zatsimikizika. Wina aliyense analira podalira mnzake.

Foni ya amake Dalitso n'kuti itamira m'madzi, ya Dalitso itazima poti magetsi anapita kalekale. Koma mafoni a anthu ena onse anali amoyo. Dzuwa lisanafike pamutu, uthenga unali utafika ku Chawama, ku Lilanda, mpaka ku Matero.

Anansi athu, ba Chanda ndi akazi awo bana Mwila, munawasiya, mukuwakumbukira. Iwo ndi aBemba, ambuya athu a chinyozo, amene pamaliro a ife a kum'mawa amagwira ntchito zonse kwinaku akutinyoza, ife osaloledwa kukwiya. Ba Chanda anakoleza moto pabwalo, n'kumauza aliyense wofika kuti mbewa za ku Katete zachita phwando, mdani wawo wapita. Akwaya anafika, anaimba nyimbo zimene ndimazikonda. Zimenezi zokha n'zimene zimandiwawa, kuti ndinaziphonya.

Ndipo Tisauke anabwera. Akuti anayambira kulira pamsewu wa tala, nsapato kumanja, akuyenda m'madzi. Anafika pakhomo, anaponya nsapatozo pamulu wa zinzake, n'kugwa pakati pa azimayi. Mawu ake anali amodzi okha: "Alongo anga, ndimati ndidzabwera! Ndimati ndidzabwera!"

Chakumadzulo Dalitso anabwera kudzatenga bulangete ndi kapu yanga ya tiyi. Anapeza utsi, kwaya, azibambo ali ndwii pamipando yathu. Anafunsa kuti wamwalira ndani. Anamugwira paphewa n'kumuuza kuti alimbe mtima. Iye anati, "Atate ndawasiya akukangana ndi anamwino za shuga wa m'phala!" Akuti anthu anayang'anana. Kenako wina anaseka, wina anayamba nyimbo yoyamika, amayi oyambitsa aja anazemba osatsazika.

Tisauke anapukuta misozi, nkhope n'kuumanso gwa. Ananyamula kachikwama kake kuti azipita. Kufika pakhomo, nsapato zake palibe. Bana Mwila anali atazikhalira.

"Muyenda kuti, ba Tisauke?" anatero. "Pamalilo sitichoka tisanaone nkhope. Tiyeni mukaone mtembo wanu."

Mbuya sakanidwa, Amayi. Anamukweza minibasi ngati wamndende, nsapato anamubwezera atafika pageti la chipatala.

Ine n'kuti nditagona, mipaipi ili m'mphuno. Ndinangomva mawu a ba Chanda akulengeza ngati ali pamanda: "Mtembo ni uyu. Onani nkhope mupite, kumbuyo kuli laini." Kenako anandiweramira. "Imwe ba Filimoni, mwabwelela chani? Kumwamba kulibe mbeba?"

Ndinati, "Ndapezako anyani onse amene munadya, ali pamzere. Akuti mlandu uyamba inu mukafika."

Odwala a mabedi oyandikana anaseka mpaka kutsokomola. Tisauke yekha sanaseke. Anaima kumiyendo kwa bedi, chikwama atachifumbata pachifuwa. Anati, "Ngakhale imfa mumachita nayo masewera?"

Ndinati, "Tisauke, ndawaona amayi."

Anakhala pabedi. Anandiyang'ana nthawi yaitali kuti aone ngati pakamwa panga pakugwedera, paja amandidziwa. Kenako anafunsa ndi mawu a kamtsikana kaja ndinkakasiya pamkuyu: "Ali okha?"

Apo m'pamene ndinazindikira chimene chakhala chikumudya zaka zonsezi. Sunali mkwiyo ayi. Mwana wanu ankagona n'kumaganiza kuti muli nokhanokha pakati pa anthu osakudziwani, opanda wokupatsani moni wa kwathu.

Ndinamuuza za njira yofiira, za lichero, za duku. Ndinati, "Agogo ali nawo khonde limodzi, akuswa mtedza onse awiri. Ndipo amayi andituma kuti: ukamuuze Tisauke aleke kundidandaula. Kuno kulibe Lusaka, kulibe Katete, tonse tili mudzi umodzi. Umuuzenso kuti ndiwo zake akuchulutsabe mchere."

Anaphulika, kuseka ndi kulira pamodzi. Anati, "Amenewo ndi amayi! Ndi amayi enieni!" Anandigwira phazi pamwamba pa bulangete, osalisiya mpaka anamwino anabwera kudzathamangitsa alendo.

Nditachira, abusa anandiimika kutsogolo kuti ndichitire umboni. Anthu ankafuna kumva za angelo, za misewu ya golide, za malipenga. Ndinawauza kuti mwina zili mkati, ine ndinathera pakhonde. Ndinati chimene ndaona n'chakuti kumeneko sakuyang'ana suti kapena kukula kwa maliro ako, amasuzumira kumbuyo kwako kuti aone amene wamusiya panjira. Ena anakhumudwa, amati nkhalamba yafupikitsa. Koma ine kufa sindikukuopanso. Ndikuopa kufika theka.

Masiku ano Tisauke amabwera Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi. Amabereka Velonika kumsana n'kumayenda naye pabwalo, kumuitana kuti amayi. Amabweretsa ndiwo m'kapoto, mchere wake woti ungaumitsire nsomba. Adokotala anandiletsa mchere, koma ndimadya, amake Dalitso akundiponda phazi kunsi kwa tebulo. Ndikadzabwera msanga mudzadziwe wondituma.

Tsopano, Amayi, sendezani khutu, izi n'za awiri. Zonse ndalembazi n'zoona, dazi, wilibala, njira yofiira, dzanja lanu londibweza. Koma inu mukudziwa kuti pakhonde paja simunatsegule pakamwa, ndipo munali nokha. Agogo sindinawaone. Mawu aja ndinamuuza Tisauke ndinawapeka ndekha pabedi pomwepo, mchere ndi zonse. Ndinaona nkhope yake, ndinati mayi wanga akanakhala ndi nthawi akananena zimenezi, kungoti anamwino anandikoka msanga.

Ndiye ndikupempheni kanthu kamodzi. Tisauke akadzafika kumeneko, ndipo asafulumire, akadzakufunsani, mudzangovomera ndi mutu. Ndipo ngati agogo akhala patali, pindani mphasa yanu musunthire pafupi nawo, kuti bodza la mwana wanu lisanduke zoona iye asanafike.

Mvula ikangotha tikubwera ku Chingwere kudzalambula pamene mwagona. Tisauke waitanitsa dothi la kumudzi, la pafupi ndi agogo, likubwera pabasi m'kathumba ka shuga, tidzalithire pamenepo. Mudzasuzumire kumbuyo kwanga mmene mungafunire. Ulendo uno ndikulonjeza, tifika awiri.

Ndine mwana wanu wokukondani, malemu wopuma pa ntchito,
Filimoni