Chikhomo cha Pansi pa Mtengo

Lolemba, 9 Juni

Mlandu wa Wodikira ulowa Lachisanu, ndipo mboni ya khonsolo ndine, woyeza malo wawo. Andiuza m'mawa uno.

Ndilembe mwadongosolo, mwina mtima ukhala pansi. Wodikira: chimunthu chachitsulo cha pa siteji ya basi, thupi la matcheni a njinga, ambulera ya boneti ya galimoto. Anachiwotcherera ndi a Zitsulo. Malo ndinayeza ndine zaka ziwiri zapitazo, chilolezo ndinasainanso ndine. Tsopano a misewu akuti chalowa m'malo a msewu ndi mamita pafupifupi awiri, chichoke. A Zitsulo akana, athamangira kukhothi.

Bwana: "Mukangonena kuti sanaike pomwe munawalozera. Basi. Zamasentimita zanu zija musakaziyambe."

Lachiwiri, 10 Juni

Ndapita ndi tepi. Kuchokera pa chikhomo cha boma choyezera malo, cha konkire, cha pansi pa mtengo kufika pa phazi la Wodikira: mamita 6.40. Ndayeza katatu. M'kope langa la miyeso nambala 14, nthawi ija ndinalembanso 6.40. Ndiye kuti a Zitsulo sanasunthe kanthu. Koma ndikayambira pakati pa msewu, a misewu akulondola. Zingatheke bwanji?

A Zitsulo andipeza nditagwada. "Bwana a tepi, mwabwera kudzayeza bokosi la mwana wanga? Muyeze bwino, ngwamtali." Anthu odikira basi aseka.

Lachitatu, 11 Juni

Si iwo. Ndine.

Ndinabwererako masana. Wosoka nsapato wina amene amakhala pansi pa mtengo uja anali kukhomera chidendene pa chitsulo cha pamwamba pa chikhomo. Ndamufunsa ngati chikhomocho chakhala pomwepo chiyambire.

"Aka? Kanali uko, padzuwa. Ndinakazula kalekale, ndikabweretsa pamthunzi. Chitsulo chake n'chabwino pokhomera misomali. Bwanji achimwene, n'kanu?"

Wandilozera pomwe kanali. Ndafukula ndi kamtengo, konkire yakale ilipo. Kuchokera apo kufika pamtengo: 1.90.

Ku koleji anatiuza mpaka kutopa nazo: chikhomo chimodzi usachikhulupirire, uchitsimikize ndi zina ziwiri. Tsiku lija kumwamba kunali kutada, ndinkaopa kuti mapepala anyowa. Ndinayeza pa chimodzi n'kuthawa. Ineyo, amene ndimabwerera pageti kukagwiranso loko! Ndipo m'kope ndinalemba ndi dzanja langali: "chikhomo pansi pa mtengo, pafupi ndi wosoka nsapato."

Lachinayi, 12 Juni

Ndawauza bwana. Atseka chitseko kaye. "Kopelo ndi lanu, si la khonsolo. Makope amasowa." Kenako, akuyang'ana pafoni: "Zikapezeka kuti tinalakwitsa ndife, pachilolezo pali siginecha yanu, osati yanga."

Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi pa ntchito, wopanda kalata yochenjeza ngakhale imodzi.

Komanso wosoka nsapato. Kuzula chikhomo ndi mlandu. Ndikalankhula ndamupereka iye, ndikakhala chete ndapereka a Zitsulo.

Kunyumba ndalitulutsa kopelo m'chikwama, ndalibweza, ndalitulutsanso. Mayi a kunyumba akungondiyang'ana uku akupinda zovala. "Bambo, inu simutaya ngakhale pensulo yotha. Lero mutaye kope? Liikeni m'chikwamamo, mwandizunguza mutu."

Ndadutsira pamtengo kukamuchenjeza wosoka nsapato uja. Akuti, "Abwere. Mwala wa boma unkangopsa ndi dzuwa, ine ndaupatsa ntchito."

Lachisanu, 13 Juni, m'mawa

Shati ndasita kawiri. Kope lili m'chikwama. Ndaonamo kanayi.

Madzulo

Loya wa khonsolo anafunsa ngati a Zitsulo anaika chiboliboli pomwe ndinawalozera. Ndinati eya. Anafunsanso, pang'onopang'ono, ngati akulankhula ndi wogontha. Ndinati eya, ndendende, n'kutulutsa kope. Tsamba lija ndinaliwerenga lonse, ndi za mvula zomwe. Bwana sanandiyang'anenso.

A majisitileti anati sagamula za mwala umene sanauone. Tonse ulendo wa ku siteji, maloya ndi mikanjo yawo. Wosoka nsapato atationa anati, "Pangani mzere mabwana, ndimasoka imodziimodzi." A majisitileti anabisa pakamwa ndi fayilo.

Chigamulo ndi mwezi wamawa. Za Wodikira sindikudziwa, za ntchito yanganso sindikudziwa. Lolemba ndikuitanidwa ku ofesi ya akuluakulu.

Anandiuza kuti ndiyeze pamaso pa onse. Ndinatulutsa tepi. A Zitsulo anagwada pa konkire yakale ija, n'kugwira nsonga yake. "Kokani, bwana a tepi. Kuno ndagwira ine."

Ndinakoka, ndinawerenga mokweza. Kamodzi kokha.